Seva Yanga Ikuti a Zebron Sanamwalire, Angosamuka

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 28 ndipo ndimakhala ku Chongwe. Sindikulemba za mwamuna kapena za apongozi ayi. Nkhani yanga ndi ya kompyuta ndi ng'ombe, ndipo yandizunguza mutu moti dzulo ndinadutsa pa geti ya kwathu osaiona.

Ndimagwira ntchito kwa a Abson, bambo amene amayenda pa njinga yamoto kuthandiza ng'ombe zamkaka za alimi ang'onoang'ono ku Palabana, ku Kanakantapa mpaka ku Kasisi. Amabaya katemera, amachiza matenda a nkhupakupa, komanso amaika ng'ombe mbewu ya nkhunzi zamtundu wabwino kuti zitenge bere. Kale zonse ankalemba m'buku lachikuto chofiira, lonunkha dibi, masamba ake odetsedwa ndi zala. Nditamaliza maphunziro a kompyuta ku Lusaka ndinaliseka kwambiri bukulo, n'kuwalonjeza chinthu chamakono. Lero likuchirikiza mwendo wa tebulo mu ofesi yathu.

Ndinawapangira pulogalamu ya pa intaneti imene amatsegula pa foni. Iwo amangoona mabatani: kulembetsa kasitomala, kumufufuza, kusintha, kuchotsa. Ntchito yeniyeni imachitika kuseri, pa seva, ndiyo kompyuta yakutali imene imalandira zimene adinazo, n'kuziyeza ndi malamulo amene ndinalemba, n'kuzisunga m'nkhokwe yake yotchedwa databesi. Khodi ya kuseriko, ndiwo malamulo onsewo, ndinailemba ndekha miyezi inayi, ndipo sindibisa, ndimainyadira.

Chimene chinandivuta poyamba ndi mayina. Tili ndi a Phiri khumi ndi anayi, amake Bupe atatu, ndi bambo wina amene amatchula dzina lina akaledzera, lina akachokera ku tchalitchi. Ndiye ndinaganiza mochenjera, ndinati dzina limanama koma nambala ya foni sinama. Ndinalamula seva kuti nambala imodzi ndi kasitomala mmodzi. Wofuna kusintha kanthu amalandira manambala anayi achinsinsi pa foni yomweyo, akawatchula bwino seva imavomera. Kwa zaka ziwiri zinayenda ngati madzi.

Mmodzi mwa makasitomala athu oyambirira anali a Zebron Mwanza a ku Kanakantapa. Tsiku lowalembetsa ndinapita nawo a Abson. Tinapeza akazi awo, amake Fidelis, ali m'khola chidebe pakati pa miyendo akukama, a Zebron ali pansi pa mtengo wa mango akukonza wailesi. Nditafunsa kuti ndilembe dzina la ndani, mayiwo anayankha osatembenuka n'komwe: "Lembani ba tate ba nyumba, ndiye bali na foni. Ine foni ni ya chani, nikambe na ng'ombe?" Tonse tinaseka. Ndinalemba ng'ombe zinayi, Dona, Nyenyezi, Bulaki ndi Mandevu, zonse pansi pa dzina la a Zebron, chifukwa fomu yanga inali ndi malo a dzina limodzi lokha.

A Zebron anamwalira mu Febuluwale. Apa ndi pamene pali chimene chandichititsa chidwi, chifukwa ine ndinakulira m'tauni ndipo mwambo umenewu ndinkangoumva. A Abson, amene anali kumaliroko, akuti maliro atatha akuluakulu ochokera ku Katete anakhazika pa mphasa Teddy, mwana wa mlongo wawo wa malemu, n'kumuveka jekete ndi chipewa cha amalume ake. Anamupatsanso foni. Kuyambira tsiku limenelo Teddy walowa dzina. Sakutchedwanso Teddy, ndi a Zebron, ndipo ngakhale ana a malemu, ena aakulu kumuposa, akumuitana atate. Ndinafunsa a Abson mafunso mpaka anatopa nane. Zinandisangalatsa kuti anthu akwathu anapeza njira yoti dzina lisakwiriridwe pamodzi ndi mwini wake.

Sindinaganize kuti mwambowu ufika pa seva yanga. Patapita mwezi foni ya a Abson inalira, nambala ya a Zebron. "Ba Abson, shani? Ni Zebron. Chinjani adilesi, manje nili ku Kasisi." A Abson ankadziwa bwino kuti ndi Teddy, koma sanaonepo bodza, poti dzina ndi lake, foni ndi yake. Anadina batani losinthira, manambala achinsinsi anapita, Teddy anawatchula onse anayi, seva n'kuyankha kuti zasinthidwa. Khodi yanga ikamasintha imafufuta chakale n'kulemba chatsopano pamwamba pake, choncho dzina la Kanakantapa linazimiririka. Pa kompyuta ng'ombe zinayi zinasamukira ku Kasisi, pamene zenizenizo zikubzikula m'khola lomwe lija. Malinga ndi seva yanga, a Zebron sanamwalire, angosamuka.

Ndikanaseka n'kuiwala chikanapanda kuchitika cha sabata yatha. Dona ali ndi bere, adzabereka mu Juni, ndipo pulogalamu yanga imatumiza yokha uthenga wokumbutsa. Uthengawo unapita ku Kasisi. Lachiwiri amake Fidelis anakwera minibasi kubwera ku ofesi, atanditengera botolo la mabisi, mkaka wowawasa uja. Anati: "Mwana wanga, kale meseji inali kubwela pa foni ya ba tate ba nyumba. Manje foni inayenda. Nifuna chabe kuziba siku ya Dona, nikonze khola. Chaka chatha inavutika maningi pobala."

Ndinalemba "amake Fidelis" m'kabokosi kofufuzira, ngakhale ndinkadziwa chimene chituluke. Panabwera mawu akuti, "Palibe kasitomala wotere." Mawu amenewo ndinawalemba ndine ndi zala zanga. Mayiwo amatha kuwerenga, ndipo anali ataweramira pa kompyutapo. Anawerenga pang'onopang'ono, n'kuseka kaseko kosakoma, amvekere: "Ni zoona, ine kulibe." Aphungu, ndinachita manyazi. Ndinathyola lamulo langa lomwe, ndinatsegula tsamba la a Zebron n'kuwauza tsikulo pakamwa.

Lachinayi kunabwera Teddy, atavala jekete lija, manja a jeketelo akumuthera pa zala. Si munthu wachipongwe ayi, anapereka moni mwaulemu. Anati: "Nifuna pepa yoonesa ng'ombe zanga zonse zili mu kompyuta, na stampa." Akuti akuluakulu aja akubweranso Loweruka la sabata ya mawa kudzagawa katundu wa malemu. Ndinamuuza kuti pulinta yatha inki. Linali bodza, inki ili tho.

Chimene chikundidya ndi ichi. A Abson anandiuzapo kale, tikungocheza, kuti Dona ndi Nyenyezi si za malemu, ndi za amake Fidelis. Dona anabwera ali mwana wang'ombe kuchokera ku gulu la amayi a ku tchalitchi, lija lopatsirana ana ang'ombe, ndipo Nyenyezi ndi mwana wa Dona. Za a Zebron zinali Bulaki ndi Mandevu. Koma pepala likatuluka mmene zililimu lidzati Zebron Mwanza, Kasisi, ng'ombe zinayi, ndi chidindo chathu pansi pake. Pamaso pa akuluakulu pepala lachidindo lili ndi mawu aakulu kuposa mayi wamasiye. Mkaka wa Dona ndiwo umadyetsa nyumba imeneyo.

A Abson akuti: "Ise sindise khoti. Kasitoma ni wamene ali na foni, si ndiwe unapanga lamulo? Mupase pepa yake." Akunena zoona kuti lamulo ndinapanga ndine.

Ndili ndi kiyi ya databesi. M'mphindi ziwiri nditha kulowa mwakachetechete, n'kuchotsa Dona ndi Nyenyezi pa dzina la a Zebron, palibe angadziwe. Ndithanso kufufuta tsamba lonse n'kunena kuti kompyuta inalakwitsa. Kope la databesi la mu Januwale ndili nalo pa fulashi, koma nalonso likunena dzina limodzi lomwelo. Kodi ndichite chiyani Loweruka lisanafike? Ndipo ndithandizeni funso limene likundizungulira m'mutu: munthu akalowa dzina la malemu, ndi kasitomala yemweyo kapena wina? Kodi munthu ndi dzina, ndi foni, kapena ndi chiyani? Kusukulu anatiphunzitsa kusunga, kusintha ndi kuchotsa, koma palibe mphunzitsi anatchulapo za jekete ndi mphasa.

H.M.,
Chongwe.

*

Mayi H.M.,

Zikomo pondipumitsa ku nkhani za amuna obisa mafoni. Nayonso yanuyi ndi ya foni, koma yandipatsa ntchito yokoma. Ine ndinagwira zaka zambiri mu ofesi yosunga mafaelo tisanaone kompyuta, ndipo pa za khodi ndakafunsa Inonge, mwana wa mchemwali wanga, amene amalemba mapulogalamu otere ku Lusaka. Safunsa anadya phula.

Tiyambe ndi kiyi imene ikukuyabwani m'manja. Ikeni pansi. Mukalowa mobisa n'kusuntha ng'ombezo, mudzakhala mwachita chomwecho chimene mukuopa kuti pepala lichita, kugamula mlandu wa banja popanda banja kudziwa. Komanso Teddy analandira uthenga wa bere la Dona, akudziwa kuti ng'ombeyo ili pa tsamba lake. Akadzaona yasowa adzati mayiwo anakunyengererani ndi mabisi, ndipo mawu awo oona adzasanduka okayikitsa chifukwa cha chifundo chanu. Kufufuta tsamba lonse ndiye kwaipiratu. M'tsambamo muli mbiri ya mmene Dona anavutikira pobereka, ndipo a Abson adzaifuna mu Juni.

Bodza la inki lisiyeninso. Linakugulirani masiku awiri, basi latha ntchito.

Funso lanu lalikulu ndi lokoma, ndipo yankho lake akuluakulu a ku Katete amalidziwa kuposa seva yanu. Iwo pomuveka Teddy jekete sanaiwale kuti kumanda kwagona munthu. Amadziwa kuti dzina ndi limodzi koma anthu ndi awiri, n'chifukwa chake akubweranso kudzakamba za katundu. Zikanakhala kuti wolowa dzina watenga zonse pompo, akanavutikiranji ndi ulendo wachiwiri? Mwambo sunalakwe. Dzina ndi udindo zimapita kwa wina, foni imabwerekedwa, imagulitsidwa, imagwera m'chitsime. Munthu yekha ndiye sasinthanitsidwa. Inu munamangirira makasitomala anu pa chinthu chimene chimayenda m'matumba.

Tsono kwezani tebulo lija muchotse buku lofiira, mulipukute fumbi, mulipepese ngati n'kotheka. Munthu woyenda m'makola ngati a Abson salemba dzina ndi nambala zokha. Ndikukayika ngati mulibe penapake pamene analemba kuti Dona ndi wa amayi, wa ku gulu, kapena kuti anapeza ndani pakhomo. Khalani nawo pansi muwerenge limodzi. Akanenanso kuti sindinu khoti, avomerezeni, kenako muwauze kuti n'chifukwa chake chidindo chawo sichiyenera kukalankhula ngati khoti. Pepala lonena kuti ng'ombe zili ku Kasisi ndi labodza, ndipo iwo amene amazibaya jekeseni ku Kanakantapa akudziwa. Mlandu suwola. Tsiku lina adzafunsidwa chifukwa chimene anadindira.

Pepala loti mutulutse ndi lina. Lembani mbiri ya ng'ombe iliyonse payokha, tsiku limene inathandizidwa, khola limene inali, ndi amene analipo, monga mmene buku ndi kope la mu Januwale zikunenera. Musawonjezere mchere. Pansi pake lembani poyera kuti ili ndi pepala la chithandizo cha ziweto, si umboni wa mwini ng'ombe, ndiponso kuti pulogalamu yanu inkalola dzina limodzi pa banja lonse. Kuvomera cholakwa chanu pa pepala kudzakuwawani pang'ono, koma ndiye mzere wofunika kwambiri. Asaine ndi a Abson, eni bizinesi. Tulutsani mapepala awiri ofanana, lina kwa Teddy, lina kwa mayiwo, tsiku limodzi. Teddy mumulandire ndi ulemu, mumuitane a Zebron monga banja lake likumuitanira, mumufotokozere maso ndi maso. Mwina nayenso akukhulupirira kuti zonse zinayi zinali za amalume ake, poti kompyuta ikutero.

Umboni weniweni wa Dona uli ku gulu la amayi lija. Magulu opatsirana ziweto saiwala amene analandira, chifukwa pali wina akudikira mwana wotsatira. Auzeni mayiwo apemphe atsogoleri a gululo adzakhalepo Loweruka. Adziwenso kuti malamulo a dziko lino amateteza akazi amasiye, ndipo zikavuta apite kwa odziwa malamulo. Inu pamsonkhanopo musapite ndi laputopu kukakhala loya. Mbali yanu ndi kunena zoona za zimene munasunga.

Tibwere ku khodi, poti ndi kumene matenda anayambira. Inonge atawerenga kalata yanu anagwira mutu, kenako anavomera kuti nayenso anachitapo zomwezi pa ntchito yake yoyamba. Akuti munthu aliyense seva imupatse nambala yakeyake, yopanda tanthauzo lililonse, imene sidzasintha ndipo sidzapatsidwa kwa wina ngakhale mwini wake atamwalira. Mafoni akhale pa tebulo lawo, ndiwo mndandanda wawowawo, mu databesi, kuti munthu mmodzi athe kukhala ndi awiri, anthu atatu athe kugwiritsa imodzi, ndipo wopanda foni alembedwebe. Ng'ombe nazo zikhale pa tebulo lawo. Pakati pa munthu ndi ng'ombe pakhale mzere wonena kuti ndi mwini kapena wosamalira, kuyambira liti mpaka liti. Mukatero uthenga wa bere udzapita kwa amene amagwira chidebe, ngakhale utadzera pa foni ya mnansi.

Anatsindika kwambiri za kufufuta. Seva isamalembe chatsopano pamwamba pa chakale. Isunge zonse, chakale chinali chiyani, wasintha ndani, tsiku liti. Ife a mafaelo tinkadula mzere umodzi pa cholakwika n'kusaina m'mbali, kuti wobwera pambuyo aone zonse ziwiri, ndipo wogwiritsa labala tinkamuyang'ana ndi diso lofiira. Kasitomala akamwalira musamuchotse, muikeni chizindikiro chakuti anamwalira, tsamba lake litsekeke. Wolowa dzina atsegulidwe tsamba latsopano, ndi kamzere konena kuti analowa dzina la uje. Kusamutsa ng'ombe kuchoka kwa munthu kupita kwa wina ikhale ntchito yapayokha, isamabisale m'batani losinthira adilesi. Ndipo malamulo onsewa akhale pa seva penipeni. Kungobisa batani pa foni ya a Abson n'kutseka chitseko khoma lili logumuka.

Chenjezo la Inonge ndi lakuti musathamangire kusintha zonsezi Loweruka lisanafike. Yambani mwatenga kope la databesi mmene ilili lero, mulisunge osalikhudza. Khodi yatsopano muiyese pa kope lina, ndi mayina ongopeka, mpaka mutakhutira. Mukasokoneza mbiri ya makasitomala onse pofuna kukonza ya banja limodzi, madzi akatayika saoleka. Mukamaliza, yendani ndi a Abson khomo ndi khomo mufunsenso bwino. Ndikukutsimikizirani kuti si ku Kanakantapa kokha kumene wokama ndi wina, wolembedwa ndi wina.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndaona ine, chimene Inonge ndi nzeru zake zonse sanachione. Ndawerenga kalata yanu kawiri. Mwanditchulira a Zebron onse awiri, mwatchula Dona, Nyenyezi, Bulaki ndi Mandevu, ngakhale mtengo wa mango mwaukumbukira. Koma mayi amene mukumudera nkhawayo mwamutchula ndi dzina la mwana wake ndi la mwamuna wake basi. Ndikuganiza kuti dzina lawo simukulidziwa. Sindikukunyozani, ndi ulemu wathu kuitana mayi ndi dzina la mwana, ndipo pitirizani kutero powalankhula. Koma khodi imatengera mwini wake. Seva inati palibe kasitomala wotere chifukwa tsiku lija m'khola munaseka nawo n'kupita osawafunsa dzina lawo.

Choncho musanalembe mzere ngakhale umodzi wa khodi, kwerani minibasi ya ku Kanakantapa. Tengani pepala lawo ndi botolo lawo lija, mulitsuke bwino, ndipo musalibweze lopanda kanthu. Mukafika musayambe ndi za Loweruka. Khalani pansi, muwafunse dzina limene anapatsidwa ndi makolo awo, mulilembe iwo akuona, ndipo muwafunse ngati mwalemba bwino. Databesi yatsopano ikadzatsegulidwa, munthu woyamba kulowamo akhale iwowo. Tsiku limene adzabwerenso ku ofesi kudzanena kuti Dona wabereka, muwatembenuzire kompyuta adziwerengere okha kuti alipo.

Aphungu.